Kunyentchera kwa odwala m'chipatala m'dera la Ulongwe

Kunyentchera kwa odwala m'chipatala ndi vuto limene limakhalapo pamene thupi la munthu wogonekedwa silikulandira chakudya chokwanira, kapena likulephera kugwiritsa ntchito chimene walandira, mpaka munthuyo kuwonda, kufooka ndi kuchedwa kuchira. Vutoli limagwira ana ndi akulu omwe. Ena amafika kuchipatala atanyentchera kale, pomwe ena amayamba kuwonda ali pabedi la chipatala chifukwa cha matenda, opaleshoni kapena kusowa wowadyetsa. Kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana amaonetsa kuti pakati pa odwala 20 ndi 50 pa odwala 100 alionse ogonekedwa amakhala ndi vutoli. M'madera a kumudzi ngati Ulongwe, kumene kudya kwa banja kumadalira mvula ya chaka chimenecho, madokotala amaona chakudya cha wodwala ngati mbali ya mankhwala ake.

Dera la Ulongwe ndi zipatala zake

Ulongwe ndi malo a malonda a m'boma la Balaka, m'dera la Mfumu Yaikulu Kalembo, pamsewu wa M3 wochokera ku Liwonde kupita ku Mangochi. Kum'mawa kwake kuli mtsinje wa Shire ndi nkhalango ya nyama ya Liwonde, ndipo chakumpoto kuli nyanja ya Malombe. Kale derali linali m'boma la Machinga kufikira 1998 pamene Balaka linakhala boma palokha. Anthu ambiri a kuno ndi Ayao, ndipo amalima chimanga, thonje, nandolo, mtedza, chinangwa ndi mbatata.

Odwala a m'derali amayamba kulandira chithandizo pazipatala zing'onozing'ono monga za Ulongwe ndi Kalembo. Matenda akakula amatumizidwa kuchipatala cha boma la Balaka kapena cha boma la Machinga chimene chili ku Liwonde, ndipo ofunika akatswiri amapitirira ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre. Wodwala akamatumizidwa kutali chonchi, amatalikirananso ndi munda wake, nkhokwe yake ndi abale amene akanamubweretsera chakudya.

Boma la Balaka ndi lotentha ndipo mvula yake ndi yosadalirika. Balaka ndi Machinga anali m'gulu la maboma 15 amene boma linalengeza kuti kwagwa ngozi ya kusefukira kwa madzi mu Januwale 2015, ndipo chaka chotsatira kunagwa chilala chimene chinakhudza dziko lonse. Ngakhale m'chaka cha mvula yabwino, miyezi ya Januwale mpaka Malichi ndi ya njala m'mabanja ambiri, chifukwa chimanga chakale chimakhala chitatha pomwe chatsopano sichinache. Nyengo yomweyi ndi imene malungo ndi kutsegula m'mimba zimachuluka, choncho ambiri amadwala thupi lili lofooka kale.

Mmene matenda ndi kunyentchera zimakokerana

Munthu akadwala, thupi lake limafuna chakudya chambiri kuposa masiku onse, koma nthawi yomweyo chilakolako cha chakudya chimatha. Kutentha thupi, mabala, zilonda za moto ndi opaleshoni zimachititsa kuti thupi liwononge mphamvu zambiri. Likasowa chakudya limayamba kudya mafuta ake, kenako minofu yake. Minofu yopumira ikafooka, wodwala amalephera kutsokomola bwino ndipo chibayo chimamugwira mosavuta. Chitetezo cha m'thupi chimatsika, mabala sapola msanga, ndipo wogona nthawi yaitali amatuluka zilonda kumsana ndi m'matako. Motero matenda amabala kunyentchera, ndipo kunyentcherako kumakulitsa matenda.

Pali zinthu zingapo zimene zimalepheretsa wodwala kudya: zilonda za m'kamwa ndi kukhosi, nseru, kusanza, kutsegula m'mimba, ululu, kuvutika maganizo, kulephera kumeza chifukwa cha sitiroko kapena khansa ya pammero, komanso kumuletsa kudya masiku angapo podikira opaleshoni.

Ku Malawi, HIV ndi chifuwa chachikulu cha TB ndi matenda amene amawondetsa akuluakulu kwambiri. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu amene ali ndi HIV koma sanayambe kudwala amafunika kuwonjezera gawo limodzi mwa magawo 10 pa chakudya chopatsa mphamvu, ndipo akayamba kudwala amafunika kuwonjezera magawo awiri kapena atatu. Kafukufuku wa ku Thyolo amene anasindikizidwa mu 2002 anapeza kuti mwa odwala TB 1,181, odwala 57 pa 100 alionse anali onyentchera pamene ankayamba mankhwala, ndipo owonda kwambiri ankamwalira mochuluka m'mwezi woyamba kuyerekeza ndi anzawo.

Mitundu ya kunyentchera

Kwa ana, azaumoyo amasiyanitsa mitundu itatu. Woyamba ndi kuwonda kwambiri, kotchedwa marasmus, pamene mwana amatsala mafupa okhaokha, nthiti zili poyera, khungu lili lende, nkhope ngati ya nkhalamba. Wachiwiri ndi kutupikana, kotchedwa kwashiorkor, pamene mapazi onse awiri amatupa, kenako miyendo, manja ndi nkhope. Tsitsi limafiira ndi kuthothoka, khungu limasupuka, ndipo mwana amangokhala ndwii, osafuna kusewera. Wachitatu ndi kupinimbira, kumene ndi kufupika msinkhu chifukwa chosowa chakudya choyenera kwa nthawi yaitali. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 pa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu ku Malawi anali opinimbira, kutsika kuchokera pa 47 mu 2010.

Dzina la kwashiorkor linachokera ku chiyankhulo cha Ga cha ku Ghana. Dokotala Cicely Williams ndiye anafotokoza matendawa m'mabuku a zachipatala mu 1933 ndipo anawatchula dzinali mu 1935. Chomwe chimachititsa kuti mwana wina atupe pomwe wina angowonda chikufufuzidwabe. Kafukufuku wa mapasa a ku Malawi amene anatuluka mu 2013 anaonetsa kuti tizilombo tokhala m'matumbo a mwana timathandizira, pamodzi ndi kadyedwe kosakwanira.

M'midzi yambiri, kutupa kwa mwana kumatchedwa tsempho kapena mdulo, ndipo Ayao amati ndaka. Chikhulupiriro chake n'chakuti makolo analakwira mwambo wa m'banja. Chifukwa cha ichi mabanja ena amayamba apita kwa asing'anga, n'kufika kuchipatala mwana atafooka kwambiri. Kutupako kumanamizanso, chifukwa mwana amaoneka wonenepa ndipo sikelo imaonetsa kulemera, pomwe ndi madzi chabe.

Kuyeza wodwala

Kunyentchera kumadziwika poyeza, osati pongoyang'ana ndi maso. Kwa ana a miyezi 6 mpaka 59, azaumoyo amagwiritsa ntchito kalamba ka mitundu itatu kotchedwa MUAC, kamene amakulunga pakati pa phewa ndi chigongono. Mkono wochepera masentimita 11.5 umagwera pofiira, kutanthauza kunyentchera koopsa. Wa pakati pa 11.5 ndi 12.5 umagwera pachikasu. Wopitirira apo uli pobiriwira. Amayezanso kulemera poyerekeza ndi msinkhu, ndipo amadina pamwamba pa mapazi onse awiri ndi chala kwa masekondi atatu. Pakatsala kadzenje, ndiye kuti mwanayo watupikana ndipo ali m'gulu la onyentchera koopsa posatengera kulemera kwake.

Kwa akuluakulu amagwiritsa ntchito chiwerengero cha BMI, chimene chimapezeka pogawa kulemera kwa munthu m'makilogalamu ndi msinkhu wake m'mamita wochulukitsidwa ndi msinkhu womwewo. Mwachitsanzo, munthu wotalika mamita 1.65 wolemera makilogalamu 42 ali ndi BMI ya 15.4. Chiwerengero chochepera 18.5 chimasonyeza kuwonda, ndipo chochepera 16 ndi kuwonda koopsa. Kwa amayi oyembekezera ndi odwala amene sangathe kuimirira pasikelo, amayeza mkono. Wodwala amafunsidwanso ngati zovala zayamba kumukhwepa ndiponso kuti wakhala masiku angati asakudya bwino, popeza ngakhale munthu wonenepa amene wataya thupi mofulumira amakhala pachiopsezo.

Chithandizo cha ana

Kale mwana aliyense wonyentchera koopsa ankagonekedwa kwa milungu ingapo. Izi zinkadzaza mawodi, ana ankapatsirana matenda, ndipo amayi ambiri ankathawa m'chipatala chifukwa chodera nkhawa munda ndi ana ena otsala kunyumba. Masiku ano dziko la Malawi limatsata ndondomeko yotchedwa CMAM, imene imagawa ana potengera kukula kwa vuto lawo.

Mwana wopezeka ndi vutoli kusikelo kapena kwa mlangizi wa zaumoyo m'mudzi amayamba wayesedwa ngati angathe kudya chiponde. Akadya bwino ndipo alibe matenda ena aakulu, amalandira chiponde chokadyera kunyumba pamodzi ndi mankhwala a amoxicillin, n'kumabweranso kudzayezedwa pa masiku oikika. Chiponde chachipatala ndi mtedza wopera wosakaniza ndi mkaka waufa, shuga, mafuta, mavitamini ndi michere yofunika m'thupi. Paketi imodzi imalemera magalamu 92 ndipo imapereka makalori 500. Sichifuna kuphika kapena kuthira madzi, choncho sichiwonongeka msanga. Ubwino wa mankhwala opha tizilombo unaoneka pa kafukufuku wa ana 2,767 a kumidzi ya ku Malawi amene anasindikizidwa mu 2013: mwa ana olandira amoxicillin anamwalira pafupifupi 5 pa 100 alionse, pomwe mwa osalandira anamwalira oposa 7.

Mwana amene akukana kudya, watupa thupi lonse, akusanza chilichonse, ali ndi chibayo, wachepa magazi kwambiri kapena wakomoka, amagonekedwa m'chipinda cha ana onyentchera chotchedwa NRU. Kumeneko amatsata mfundo 10 zimene WHO inakhazikitsa. M'masiku oyamba cholinga sichikhala kunenepetsa mwana koma kumupulumutsa ku zinthu zimene zimapha msanga, zomwe ndi kutsika kwa shuga m'magazi, kuzizira kwa thupi, kutha madzi ndi tizilombo toyambitsa matenda. Amapatsidwa mkaka wa F-75, umene uli ndi makalori 75 pa mamililita 100 alionse, pang'onopang'ono pa maola awiri kapena atatu alionse, usana ndi usiku. Mwana wotere amafunika kufunditsidwa ndi kugona pafupi ndi mayi ake. Akatha madzi m'thupi amamwetsedwa ReSoMal m'malo mwa Thanzi ORS wamba, ndipo dilipi imaikidwa pokhapokha zitavuta kwambiri, chifukwa mtima wake ndi wofooka ndipo madzi ochuluka akhoza kuuimitsa. Mankhwala owonjezera magazi a ayironi saperekedwa m'masiku oyambawa.

Kutupa kukayamba kuphwa ndipo mwana wayamba kulirira chakudya, amamusinthira ku mkaka wa F-100 kapena chiponde, kenako amatulutsidwa kuti akapitirize kunyumba. Ana onyentchera pang'ono amalandira ufa wa phala wa chimanga ndi soya wothira mavitamini, umene anthu amaudziwa ndi dzina la Likuni Phala. Kwa makanda osakwana miyezi 6, chithandizo chachikulu ndi kuthandiza mayi kuti ayamwitse bwino.

Kutuluka m'chipatala si kutha kwa chiopsezo. Ofufuza amene anatsatira ana 1,024 ogonekedwa m'chipinda cha Moyo ku Queen Elizabeth mu 2006 ndi 2007 anapeza kuti ana 42 pa 100 alionse anamwalira, ena ali m'chipatala, ena atabwerera kwawo, ndipo imfa zinachuluka kwambiri mwa ana amene anali ndi HIV. N'chifukwa chake mwana aliyense wonyentchera koopsa amayezedwa HIV, amaunikidwa ngati ali ndi TB, ndipo amayenderedwa akabwerera kumudzi.

Chithandizo cha akuluakulu

Achinyamata ndi akuluakulu amathandizidwa kudzera mu ndondomeko ya boma yotchedwa NCST, makamaka amene ali pa ma ARV kapena pa mankhwala a TB. Wodwala wamkulu amafunika makalori a pakati pa 25 ndi 30 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku, komanso zakudya zomanga thupi zochulukirapo kuposa munthu wabwinobwino. Pali njira zitatu zomudyetsera.

Njira yoyamba, yomwenso ndi yabwino koposa, ndi kudya ndi pakamwa. Wodwala amapatsidwa chakudya chochepa koma pafupipafupi, chofewa ndi chonona. Owonda kwambiri amalandira chiponde kapena Likuni Phala. Kafukufuku wa ku Blantyre wa 2009 pa akuluakulu 491 owonda amene ankayamba ma ARV anapeza kuti olandira chiponde ankabwerera thupi mofulumira kuposa olandira ufa wa chimanga ndi soya.

Njira yachiwiri ndi kapaipi kolowera m'mphuno kukafika m'mimba. Kamagwiritsidwa ntchito kwa okomoka, olephera kumeza ndi ana ofooka kwambiri. Mkaka kapena phala lamadzimadzi losefa limathiridwa ndi sirinji, wodwala atamutsamiritsa kuti chakudya chisalowere m'mapapo. Abale ena amakana kapaipika poganiza kuti ndi kamene kamapha, chifukwa amaona kuti ambiri oikidwa amamwalira. Zoona zake n'zakuti kamaikidwa kwa anthu amene adwalika kale kwambiri, ndipo kukakana ndi kumusiya wodwalayo ndi njala.

Njira yachitatu ndi kudyetsa kudzera m'mitsempha, pamene matumbo sakugwira ntchito. Njirayi ndi yodula, imafuna kuyeza magazi kawirikawiri, ndipo sipezeka m'zipatala za kumidzi. Isasokonezedwe ndi dilipi wamba: lita imodzi ya madzi a shuga a dilipi imapereka makalori pafupifupi 200 okha, ndipo ya madzi a mchere ilibe chakudya chilichonse.

Munthu amene wakhala masiku ambiri asakudya sayenera kukhutitsidwa mwadzidzidzi. Chakudya chambiri chikalowa nthawi imodzi, michere ya phosphate, potassium ndi magnesium imatsika m'magazi, ndipo mtima ukhoza kusokonezeka mpaka munthu kumwalira. Choncho amayamba ndi chochepa n'kumawonjezera tsiku ndi tsiku, ndipo kumene kulipo amapatsidwa vitamini B1.

Udindo wa wodikirira wodwala

M'zipatala za ku Malawi anamwino ndi ochepa poyerekeza ndi odwala, motero ntchito yodyetsa, kusambitsa ndi kutembenuza wodwala imagwiridwa ndi wachibale womudikirira, amene anthu amamutchula kuti gadiyani. Zipatala za boma zimapereka chakudya chaulere, nthawi zambiri phala m'mawa ndi nsima ya nyemba kapena masamba, koma ndalama zikachepa chakudyachi chimachepanso, monga zinachitikira m'zipatala zingapo mu 2015 pamene odwala ankadya kamodzi patsiku. Magadiyani amaphika okha pamalo amene chipatala chinawapatulira, ndi ufa ndi nkhuni zochokera kwawo kapena zogula. Banja la ku Ulongwe limene wodwala wake ali ku Zomba limafunika ndalama ya thiransipoti ndi ya ndiwo kwa masiku ambiri, ndipo zimenezi zikagwa m'nyengo yolima, munda umatsala wopanda woupalira.

Unduna wa Zaumoyo umalimbikitsa zakudya za magulu asanu ndi limodzi: zokhutitsa, zochokera ku nyama, za mtundu wa nyemba, ndiwo zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Zambiri mwa izi zimapezeka m'dera la Ulongwe. Phala la mgaiwa likhoza kuthiridwa nsinjiro, dzira, mkaka, supuni ya mafuta ophikira kapena ufa wa tinsomba touma monga usipa ndi kambuzi. Nandolo, khobwe, nkhwani wotendera, bonongwe, masamba a chammwamba, mango, mapapaya ndi malambe zimathandizanso. Phala lamadzi lopanda kanthu, tiyi ndi zakumwa za m'mabotolo zimadzaza mimba koma sizimanga thupi. Wodwala shuga, impso kapena mtima ali ndi malamulo akeake a kadyedwe, ndipo gadiyani ayenera kufunsa namwino asanamupatse chilichonse.

Chiponde chachipatala ndi mankhwala a munthu mmodzi. Chikagawidwa kwa ana onse a pakhomo kapena kugulitsidwa pamsika, wodwalayo sachira m'nthawi yake. Popeza anthu ambiri a m'derali ndi Asilamu, nkhani ya kusala kudya m'mwezi wa Ramadan imabukanso. Chiphunzitso cha Chisilamu chimalola wodwala kumasula n'kudzabweza masikuwo akachira.

Mbiri

Kwa zaka zambiri madokotala padziko lonse sankalabadira kwenikweni za kadyedwe ka odwala ogonekedwa. Mu 1968 dokotala Stanley Dudrick ndi anzake ku America anaonetsa kuti munthu akhoza kukhala ndi moyo ndi kukula podyetsedwa kudzera m'mitsempha yokha. Mu 1974 Charles Butterworth analemba nkhani yodzudzula zipatala za ku America komweko chifukwa chosiya odwala akuwonda popanda wowayeza, ndipo kuyambira pamenepo zipatala zambiri zinayamba kuyeza wodwala aliyense pomugoneka.

Dziko la Malawi lili ndi gawo lake pa mbiriyi. Likuni Phala inayambira pachipatala cha mishoni cha Likuni ku Lilongwe m'zaka za m'ma 1960. Chiponde chachipatala anachipanga ndi André Briend ndi Michel Lescanne ku France mu 1996, koma umboni waukulu woti chimachiza ana ali kunyumba unachokera ku Malawi, kumene dokotala Mark Manary anayamba kuchiyesa mu 2001. Iye anakhazikitsa bungwe la Project Peanut Butter mu 2004, limene limapanga chiponde ku Blantyre. Mu 2002, chaka cha njala yaikulu, mabungwe a Concern Worldwide ndi Valid International anayesa njira yochizira ana m'midzi m'boma la Dowa, ndipo mu 2006 boma linavomereza kuti ifalikire dziko lonse. Nthambi ya boma yoona za kadyedwe, HIV ndi Edzi inakhazikitsidwa mu 2004, ndipo mu 2011 Malawi analowa m'gulu la maiko la Scaling Up Nutrition. M'zaka za m'ma 2010, sukulu ya ukachenjede ya LUANAR mogwirizana ndi College of Medicine inayamba kuphunzitsa akatswiri a kadyedwe ka odwala, ntchito imene kale inalibe sukulu m'dziko muno.

Zovuta zomwe zilipobe

Ana osakwana zaka zisanu ali ndi ndondomeko yokhazikika yowayeza ndi kuwathandiza, koma odwala akuluakulu a m'mawodi, makamaka okalamba ndi ochitidwa opaleshoni, sayezedwa kadyedwe nthawi zonse. Akatswiri a kadyedwe ka odwala akadali ochepa ndipo ambiri ali m'zipatala zikuluzikulu za m'mizinda. Chiponde ndi mkaka wachipatala zimadalira kwambiri thandizo la mabungwe monga UNICEF ndi WFP, choncho thandizolo likachepa zipatala za kumidzi ndi zimene zimayamba kusowa. Pomaliza pali vuto la kunyumba: wodwala amene wachira amabwerera pakhomo pomwe panayambira njalayo, ndipo ngati nkhokwe ili yopanda kanthu akhoza kunyentcheranso. N'chifukwa chake ntchito ya zipatala imayendera limodzi ndi ya alangizi a zaumoyo m'midzi, alangizi a zaulimi ndi magulu a amayi ophunzitsana kaphikidwe.